Ted Drake: Wa Mpira M'nyengo Yozizira, wa Cricket M'nyengo Yotentha

Kwathu ku Malawi tsiku la 6 Julayi silitha popanda mpira. Akuluakulu akumbukira kuti magule ndi perete wa asilikali zikatha pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre, anthu sankabalalika, ankadikira kuti timu ya dziko ilowe. Choncho a komiti atandipempha kuti ndilembeko kanthu m'kabuku ka chikondwerero chathu, ndinaganiza zolemba za mpira, koma mpira wa kuno komwe tikukhala. Ana athu amavala majezi a Arsenal ndi a Chelsea, ndipo amakangana patebulo mpaka nsima kuzizira, koma mutawafunsa za munthu yemwe matimu awiri onsewa amamulemekeza mofanana, angokuyang'anani.

Ineyo dzina la Ted Drake ndinalimvera kuntchito. Ndinali pa shifiti ya usiku m'wodi ya okalamba, ndipo agogo ena aamuna, a zaka zopitirira 80, tulo tinawathawa. Ndikuwayeza BP anaona kakiyi kanga kali ndi chizindikiro cha Arsenal. Anaseka n'kunena kuti iwo ndi a Chelsea kuyambira ali mwana, koma sangandide poti mphunzitsi yemwe anawapatsa ligi yoyamba anachita kubwereka kwa ife. Nditamva dzina loti Ted, maganizo anga anathamangira kwa Ted Powell, yemwe bambo anga ankamutchula ngati m'bale wawo. Agogo aja anati ayi, uyu ndi wina, wakale kwambiri. Anayankhula mpaka tiyi wa m'mawa, ndipo zambiri zomwe ananena ndinadzapeza kuti n'zoona.

Edward Joseph Drake anabadwa pa 16 Ogasiti 1912 mumzinda wa Southampton, kugombe la kummwera kwa Mangalande. Ali mnyamata ankagwira ntchito yowerenga mamita a gasi m'nyumba za anthu, uku akusewera mpira wongodzisangalatsa ku Winchester City. Timu ya Southampton, yomwe nthawiyo inali mu ligi yachiwiri, inamutenga mu 1931. M'chaka chomwecho anayambanso kusewera cricket m'timu ya chigawo cha Hampshire.

Apa ndiyenera kufotokoza pang'ono, chifukwa ambirife cricket tinkangoionera kunja kwa mpanda. Kwathu anali masewero a azungu ndi amwenye m'makalabu a ku Blantyre ndi Limbe, ndipo ine mpaka lero ndikaona anthu ovala zoyera ataima pa udzu tsiku lonse ndimadabwa kuti atopa liti. Koma kuno, m'zaka za m'ma 1930, masewero awiriwa ankagawana chaka ngati momwe mlimi amagawira munda wa dzinja ndi dimba la chilimwe. Mpira unkayamba kumapeto kwa Ogasiti n'kutha kumayambiriro kwa Meyi. Cricket inkatenga miyezi yotsalayo, ndipo masewero amodzi a pakati pa zigawo ankatenga masiku atatu. Panalinso nkhani ya m'thumba. Malamulo a ligi sankalola wosewera mpira kulandira ndalama zoposa mapaundi 8 pa sabata m'nyengo ya masewero, ndipo m'miyezi yopuma malire ankatsika kufika pa mapaundi 6. Kaya ukhale katswiri wotani, malipiro anali omwewo. Mnyamata wodziwa kugwira chibonga cha cricket ankapezako ganyu yabwino ya m'chilimwe. Ife omwe timatenga mashifiti owonjezera Loweruka ndi Lamlungu sitingamuseke.

Tisanamizane, pa cricket Drake sanali dolo. Pakati pa 1931 ndi 1936 anasewerera Hampshire masewero 16 okha, ndipo tsiku lomwe anachita bwino koposa anapeza ma run 45. Anzake ena ndi omwe anafika patali pa zonse ziwiri. Johnny Arnold, yemwe ankasewera naye ku Southampton ndi ku Hampshire komwe, anaimira dziko la England pa cricket mu 1931 komanso pa mpira mu 1933. Ku Arsenal kunali abale awiri, Denis ndi Leslie Compton, omwe m'chilimwe ankasewerera Middlesex pa bwalo la Lord's. Denis ndiye anali mfumu ya cricket: mu 1947 yekha anapeza ma run 3,816, ndipo mu 1950 iye ndi mkulu wake anatenga chikho cha FA ndi Arsenal. Bondo lomwe anavulala ku mpira linamuzunza mpaka madokotala anachotsa kafupa kapamwamba pa bondolo mu 1955, ndipo kafupako kanakasungidwa ku Lord's. Monga namwino, nkhani imeneyi inandiseketsa komanso kundimvetsa chisoni.

Arsenal inagula Drake mu Malichi 1934 pa mtengo wa mapaundi 6,500. Inali nthawi yovuta ku Highbury, chifukwa mphunzitsi wawo wotchuka Herbert Chapman anali atangomwalira mu Januwale chaka chomwecho, ndipo anthu ankafunsa ngati timuyo ipitirire kulamula. Yankho linabwera msanga. Mu nyengo ya 1934 mpaka 1935 Drake anamwetsa zigoli 42 mu ligi, Arsenal n'kutenganso ukatswiri kachitatu motsatizana. Mpaka lero palibe wosewera wa Arsenal yemwe wafikapo pa nambala imeneyi mu nyengo imodzi ya ligi. Ngakhale Thierry Henry, yemwe ambirife timamuyesa mapeto a zonse, anaima pa 30 mu 2004.

Omwe anamuona amati sanali wosewera wa njomba. Anali wa liwiro, wa chifuwa chachikulu, wowombera ndi miyendo yonse iwiri, ndipo sankaopa kulowetsa mutu pomwe ena akuponya nsapato. Masewero ake oyamba m'timu ya England anali pa 14 Novembala 1934, pa Highbury pomwepo, polimbana ndi Italy yomwe inali itangotenga chikho cha dziko lonse. Mwa osewera 11 a England tsikulo, 7 anali a Arsenal. Masewero atangoyamba, Drake anagundana ndi Luis Monti, ndipo Monti anathyoka phazi. Anzake anapsa mtima, mpira n'kusanduka ndewu. Kaputeni wa England, Eddie Hapgood, anathyoledwa mphuno. England inapambana 3-2, chigoli chachitatu chinali cha Drake, ndipo mpaka pano masewerowo amawatchula kuti nkhondo ya pa Highbury. Onse pamodzi, Drake anasewerera England kasanu n'kumwetsa zigoli 6.

Tsiku lomwe agogo anga a m'wodi analifotokoza ngati analipo, chonsecho anali asanabadwe, ndi la 14 Disembala 1935. Arsenal inapita ku Birmingham kukakumana ndi Aston Villa pa Villa Park. Inapambana 7-1, ndipo zigoli zonse zisanu ndi ziwiri anamwetsa munthu mmodzi, yemwenso bondo lake silinali bwino. Zimanenedwa kuti mpira wina unagunda mtanda wa golo n'kugwera pansi, Drake n'kuthamangira woyimbira kuti walowa, koma woyimbirayo anangomufunsa ngati zisanu ndi ziwiri sizinamukwane. Chodabwitsa n'chakuti mbiriyi sinakhalitse pakamwa pa anthu. Patangopita masiku 12, Bunny Bell wa Tranmere Rovers anamwetsa zigoli 9 pa masewero amodzi, ndipo mu Epulo 1936 Joe Payne wa Luton Town anamwetsa 10. Koma awiriwa anali m'maligi a pansi. Mu ligi yaikulu ya dziko lino, zigoli 7 za Drake palibe yemwe waziposa.

Miyezi ingapo pambuyo pake anamuchita opaleshoni ya bondo, koma pa 25 Epulo 1936 anali kale m'bwalo la Wembley, bondo lili lomanga, pa ndime yotsiriza ya chikho cha FA. Arsenal inagonjetsa Sheffield United 1-0, ndipo chigolicho chinali chake, mpira atamupatsira Cliff Bastin. Mu 1938 anatenganso ligi kachiwiri.

Mabuku a mpira amatamanda kulimba mtima kumeneku, ndipo ine sindikutsutsa, koma ndimakuonera mbali ina. Masiku amenewo kunalibe zosinthitsa osewera. Lamulo lolola kulowetsa wina m'malo mwa wovulala linafika mu ligi ya kuno mu 1965, ndipo woyamba kulowa motero anali Keith Peacock wa Charlton Athletic. Lamuloli lisanabwere, wovulala ankangomupukuta ndi siponji ya madzi ozizira n'kumuuza kuti akaime kuphiko, azitsimphina komweko, chifukwa akatuluka anzake atsala khumi. Munthu wongochitidwa kumene opaleshoni ya bondo, lero timamuyendetsa ndi ndodo, kumuphunzitsa mafizo pang'onopang'ono. Iwo ankamuthamangitsa pa matope ndi nsapato zolemera, akumenya ndi mutu mpira wachikopa womwe ukanyowa unkalemeranso. Thupi silikhululuka ngongole yotere. Limangoilemba, tsiku lina n'kudzailonjerera.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba mu 1939, Drake anali ndi zaka 27, msinkhu womwe wosewera kutsogolo amakhala wakupsa. Ligi inaimitsidwa, iye n'kulowa gulu la asilikali a m'mlengalenga, la RAF, uku akusewera masewero apo ndi apo a nthawi ya nkhondo. Mu 1945 anavulala msana, ndipo mpira wake unathera pomwepo. Anasiya atamwetsera Arsenal zigoli 139 pa masewero 184. Munthu wa zaka 33, wopanda digiri, yemwe malipiro ake sanapitirirepo malire aja, anayenera kuyambiranso moyo.

Anayambira pansi penipeni. Mu 1946 anakaphunzitsa Hendon, timu ya osewera osalipidwa ya kumpoto kwa London. Mu 1947 anapita ku Reading, mu ligi yachitatu, komwe anakhala zaka zisanu. Kawiri konse, mu 1949 ndi mu 1952, timu yake inathera pa nambala 2, koma nthawi imeneyo yokwera inali yoyamba yokha. M'zaka zomwezi, pa mtunda wochepa kuchokera ku Hendon, dokotala wina wa ku Nyasaland anali kuona odwala ku Harlesden. Anali a Dr Hastings Kamuzu Banda, omwe anakhala mu London kuyambira 1945 mpaka 1953, akulemba makalata otsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland madzulo akaweruka. Chitaganyacho chitakhazikitsidwa mu 1953 anasamukira ku Gold Coast, ndipo kwawo anakafika pa 6 Julayi 1958. Ndimakonda kukumbukira zimenezi ndikamadutsa ku Harlesden pa basi, kuti mbali ina ya ufulu womwe tikukondwerera leroyi inaphikidwa m'misewu yomweyi.

Chelsea inaitana Drake mu 1952. Achinyamata omwe anaidziwa Chelsea ya Didier Drogba ndi Michael Essien sangakhulupirire momwe timuyi inalili. Inakhazikitsidwa mu 1905, inali ndi bwalo lalikulu ndi ochemerera ochuluka, koma chikho chachikulu inalibe ngakhale chimodzi. Anthu a nthabwala m'nyumba za zisudzo ankaitchula akafuna kuseketsa anthu. Dzina lake lochemerera linali "Pensioners", kutengera asilikali opuma ovala makhoti ofiira omwe amasungidwa ku Royal Hospital Chelsea, ndipo chithunzi cha nkhalamba yotero chinkakhala pa kabuku ka masewero. Drake anaona kuti timu yodzitcha dzina la okalamba singaopsye munthu. Anachotsa chithunzicho, timu n'kuyamba kudziwika kuti "Blues", ndipo posakhalitsa pachifuwa panabwera mkango womwe tikuuona mpaka lero. Ndikuvomera kuti ine, yemwe ndimasamala okalamba tsiku ndi tsiku, kachitidwe kameneka kanandikhudza pang'ono. Koma agogo anga aja, omwe anali pa penshoni zaka zoposa makumi awiri, anati anachita bwino.

Kusintha kwenikweni kunali pa bwalo lokonzekera. Aphunzitsi ambiri a nthawiyo anali mabwana a muofesi, a suti ndi tayi, ndipo osewera ankangothamangitsidwa kuzungulira bwalo mkati mwa sabata. Ena ankakhulupirira kuti wosewera akamanidwa mpira sabata yonse, Loweruka aulakalaka kwambiri. Drake ankavala zothamangira n'kulowa nawo m'bwalo, zokonzekera n'kumachitika ndi mpira kumapazi. Ankatumanso anthu kukaonera matimu omwe akumane nawo n'kumubweretsera malipoti. Pogula osewera sanathamangire mayina akuluakulu. Zaka zake za ku Hendon ndi ku Reading zinamuphunzitsa komwe kumabisala anyamata a njala. Anatenga Johnny McNichol ku Brighton, Frank Blunstone ku Crewe, Peter Sillett ku Southampton, ndipo Derek Saunders ndi Jim Lewis anawapeza ku Walthamstow Avenue, timu ya osalipidwa ya kummawa kwa London.

Zipatso sizinabwere msanga. Mu 1953 Chelsea inathera pa nambala 19, kutsala pang'ono kutsika. Mu 1954 inakwera kufika pa nambala 8. Nyengo yotsatira inayambanso mokayikitsa: mu Okutobala 1954 inagonja kanayi motsatizana, kuphatikizapo 6-5 pakhomo kwa Manchester United, ndipo Novembala anaipeza pakati pa ndandanda. Kuchokera pamenepo inayamba kukolola mwakachetechete, kaputeni Roy Bentley akumwetsa zigoli zomwe zinafika 21.

Masewero omwe anadula mlandu anali a pa 9 Epulo 1955, pa Stamford Bridge, polimbana ndi Wolverhampton Wanderers omwe ankateteza ukatswiri. Anthu oposa 75,000 analowa. Apa ndi pomwe agogo aja analipodi, ali kamnyamata, ndipo anati anawanyamula pamwamba pa mitu ya akuluakulu mpaka kukawakhazika kutsogolo. Chakumapeto, kaputeni wa Wolves, Billy Wright, anatchinga ndi dzanja mpira womwe unkalowa. Woyimbira poyamba analoza kukona, osewera a Chelsea n'kumuunjirira kuti akafunse wa mbendera, ndipo atafunsa anapereka penate. Peter Sillett anamwetsa. Patapita masabata awiri, pa 23 Epulo, Chelsea inathibula Sheffield Wednesday 3-0 n'kukhala akatswiri koyamba, ndendende zaka 50 chikhazikitsidwire. Inali ndi mapointi 52 pa masewero 42, nthawi yomwe kupambana kunkapatsa mapointi awiri. Ena amanyoza kuti nambalayi inali yochepa kwa akatswiri, koma otsatira anatsalira ndi mapointi anayi. Drake anakhala munthu woyamba kutenga ligi yaikulu ya England ngati wosewera komanso ngati mphunzitsi.

Chomwe chinatsatira chimandipweteka ngakhale sindine wa Chelsea. Chaka chomwecho kunayamba mpikisano wa akatswiri a ku Ulaya, womwe lero timautcha Champions League. Chelsea inaitanidwa, ndipo maere anaigwetsera timu ya Djurgården ya ku Sweden. Koma akuluakulu a Football League anaona ngati mpikisano wa alendowu usokoneza ligi yawo, ndipo anaikakamiza kuti ituluke. Chelsea inamvera. Chaka chotsatira Matt Busby wa Manchester United anauzidwa zomwezo koma anakana kumvera, ndipo mu 1968 timu yake inakhala yoyamba ya England kutenga chikhocho. Chelsea inadikira mpaka 2012. Ligi yachiwiri nayo inachita kudikira zaka zina 50, mpaka José Mourinho mu 2005.

Timu ya 1955 inali ndi achikulire ambiri, ndipo inagwa msanga: chaka chotsatira inathera pa nambala 16. Drake anatembenukira kwa ana ophunzitsidwa pakhomo, omwe manyuzipepala anawatcha "Drake's Ducklings", kunena kuti anapiye a bakha, poseweretsa dzina lake lomwe m'Chingerezi limatanthauza bakha wamwamuna. Mmodzi mwa iwo anali Jimmy Greaves, yemwe anayamba mu 1957 ali ndi zaka 17 ndipo anamwetsa zigoli 41 mu ligi ya 1960 mpaka 1961. Panalinso Peter Brabrook, Bobby Tambling ndi Terry Venables. Mnzake wa Greaves kutsogolo anali Ron Tindall, yemwe m'chilimwe ankasewerera Surrey cricket pa bwalo la Oval, ndipo timu inkamulola kutero ngakhale nyengo ziwirizo zikalowana. Ndikuganiza kuti mphunzitsi wina akanamuuza kuti asankhepo chimodzi.

Anawa ankamwetsa zambiri koma ankamwetsedwanso zambiri, ndipo timu inangokhala ya pakatikati. Mu Januwale 1961 malire a malipiro aja anachotsedwa, osewera atawopseza kunyanyala motsogozedwa ndi Jimmy Hill, ndipo Johnny Haynes wa Fulham anayamba kulandira mapaundi 100 pa sabata. Greaves anagulitsidwa ku AC Milan chaka chomwecho. Nyengo yatsopano itayamba moipa, Drake anachotsedwa ntchito, Tommy Docherty n'kulowa m'malo mwake, ndipo mu 1962 Chelsea inatsika. Koma Docherty ataikweza n'kuyamba kuopseza matimu akuluakulu, msana wa timu yake unali anapiye omwe aja. Wobzala mtengo sakhala nthawi zonse wodya zipatso zake. Kuchotsedwa kwa malirewo kunathandizanso kupha mtundu wa osewera ngati Drake: malipiro atakwera, nyengo ya mpira n'kutalika, panalibenso chifukwa kapena mpata woti munthu azigawa thupi lake pawiri.

Drake sanaphunzitsenso timu yaikulu payekha. Anagwirako ntchito ku Fulham, mu 1970 anakathandizira Vic Buckingham ku Barcelona kwa miyezi yochepa, kenako n'kubwerera ku Fulham komwe ankayang'anira timu yachiwiri ndi kusaka osewera, mpaka anapatsidwa ulemu wokhala pulezidenti wa timuyo moyo wake wonse. Anamwalira pa 30 Meyi 1995 ali ndi zaka 82, kummwera chakumadzulo kwa London.

Nanga Ted wathu uja? Nayenso anasewerako mpira mbali yomweyo ya mzinda uno. Ted Powell ankasewerera Sutton United, ndipo anaimirako England m'timu ya osewera osalipidwa, mtundu womwewo wa anyamata omwe Drake ankawatola ku Walthamstow. Ndi iye yemwe anatsogolera timu ya Malawi, ya Kinnah Phiri, Jack Chamangwana ndi goloboyi Boniface Maganga, kutenga chikho cha maiko a kummawa ndi pakati pa Africa mu 1978 pakhomo, pogonjetsa Zambia 3-2, n'kukachitetezanso ku Kenya mu 1979. Atabwerera kuno, mu 1993 anatenga chikho cha ku Ulaya ndi timu ya England ya anyamata osapitirira zaka 18, momwe munali Robbie Fowler, Paul Scholes, Gary Neville ndi Sol Campbell. Nditawafotokozera zimenezi agogo aja usiku wotsatira, anati za Malawi sankazidziwa, ndipo anandipempha kuti ndiwalembere dzina la Kinnah pa kapepala.

Arsenal inachoka ku Highbury mu 2006, ndipo pamalopo panamangidwa nyumba zogona anthu. Khoma la kutsogolo la mbali ya kummawa analisiya momwe linalili, ndipo pomwe panali bwalo pano pali kamunda ka maluwa. Mukatsika sitima ya pansi pa siteshoni ya Arsenal, pa njanji ya Piccadilly, n'kukhotera mu Avenell Road, mufikapo pa mphindi zosakwana zisanu. Ndinapitako ndi mwana wa achemwali anga, wa Chelsea wotheratu, ndipo anakana kujambulitsa mpaka nditamukumbutsa komwe unachokera mkango wa pa jezi yomwe anavala.